Timipira ta Dothi pa Thandala la Matemba

Ntchito ya uphunzitsi ndinakaiyambira pasukulu ina ya sekondale yoyendera, kufupi ndi nyanja ya Chiuta. Ndisanaitanidwe kumeneko ndinali nditakhala pakhomo pa makolo anga ku Balaka zaka zingapo, satifiketi ili m'sutikesi, ine ndikukazinga zitumbuwa n'kumakagulitsa kusiteshoni. Akabaza a pamenepo ankanditchula kuti aphunzitsi a zitumbuwa. Sankanyoza kwenikweni, poti nawonso ambiri anali ndi mapepala awo ogona m'masutikesi, koma dzinalo linkandiwawa. Tsiku lomwe ndinanyamuka ndinalumbira mumtima kuti pachiwaya chija sindidzabwererapo.

Kusukuluko nyumba za aphunzitsi zinali zitadzaza kale. Ahedi ananditengera kwa mayi wina wamasiye amene ankaumitsa matemba n'kumagulitsa kwa ogula ochokera ku Liwonde ndi ku Balaka. Kuseri kwa nyumba yawo kunali kanyumba ka chipinda chimodzi, kamalata, kachitseko kokhomeka bwino. Tikubwerera, ahedi anandiuza mosapita m'mbali kuti, "Madamu, m'dera lino nyumba ya lendi ndi yomweyi. Mukayambana ndi mayiwa, ine ndilibe kwina kokuikani. Mphunzitsi wa sayansi amene mwalowa m'malo mwakeyu anachoka chifukwa chosowa pogona."

Eni nyumbawo ndinkawatchula kuti Amayi, iwo ankanditchula kuti Aphunzitsi ngakhale ndinali msinkhu wa mwana wawo. Anali Msilamu, wamfupi, wosachotsa mpango kumutu, wosalankhulalankhula. Ine ndine Mkatolika wa pakamwa posatseka. Komabe tinkamvana. Pabwalo lomwelo, cha kumunsi, panali nyumba ya achimwene awo, mwini bwato ndi ukonde, amene ankagwira ntchito ndi alovi anayi, anthu opalasa ndi kukoka ukonde. Matemba ambiri amene Amayi ankagulitsa ankachokera mu ukonde umenewo. Pakati pa nyumba ziwirizo panali thandala lalitali la bango loyanikapo nsomba, ndipo pambali pake panali mitengo yopachikapo ukonde ukafuna kusokedwa.

Anandipatsa kemisitiri wa Fomu 3. Labu kunalibe. Kunali kabati imodzi mu ofesi ya ahedi, m'mene munali mabika angapo ndi botolo la mankhwala ena amene pepala lake linadyedwa ndi chiswe, moti palibe ankadziwa kuti ndi chiyani. Pa mutu wa momwe maatomu amagwiranira sitinavutike poyamba. Ana anamva kuti atomu ina imapereka maelekitironi kwa inzake, monga zimakhalira mu mchere, ndipo ena amangogawana, monga zimakhalira m'madzi. Madontho ndi timitanda toimira maelekitironiwo ankajambula bwino kuposa ine. Vuto linayamba titafika pa maonekedwe a mamolekyulu.

Bolodi ndi lafulati, buku ndi lafulati, koma molekyulu si yafulati. Ndikajambula mitheni, kaboni pakati ndi mahaidirojeni anayi m'mbali, ana ankaona mphambano ya misewu. Ndikawauza kuti miyendo itatu imaponda pansi ndipo wachinayi umaloza kumwamba, ankagwedeza mitu mwaulemu n'kujambula mphambano yomwe ija. Madzi ankawajambula mowongoka ngati ndodo, okosijeni pakati, haidirojeni uku, haidirojeni uku. Ndinkafuula mpaka mawu kusasa kuti molekyulu ya madzi ndi yopindika, ndipo kupindikako ndi kumene kumachititsa kuti mbali ya okosijeni ikhale ya negetivu pang'ono, mbali ya mahaidirojeni ya pozitivu pang'ono. N'chifukwa chake madzi amasungunula mchere koma amakana palafini. Mawu akuti pola, dzina la mamolekyulu a mbali ziwiri oterewa, ankawayimba bwino lomwe. Mtsikana wina wokhala kutsogolo anandifunsa tsiku lina kuti, "Madamu, nanga anaipinda ndani?" Ndinayesa kumuonetsa ndi zala, zala zinandichepera, ndinawonjezera chigongono, kalasi yonse inaseka.

Ku koleji tinkagwiritsa ntchito timipira ta pulasitiki tolumikiza ndi timachubu. Kuno ndinaganiza zoumba tanga. Ndinakakumba dothi lamakande kudambo, n'kumaumba masana ndikaweruka, m'kanyumba kanga, chifukwa panja kunkatentha ndipo sindinkafuna mafunso. Unali mwezi wa Okotobala, dzuwa loswa mtengo. Timitengo tolumikizira ndinasema ku nsungwi. Mitundu ndinatsata ya m'buku: kaboni wakuda, okosijeni wofiira, haidirojeni woyera. Wakuda ndinaupeza m'mabatire akutha a tochi, omwe tinkadetsera bolodi. Wofiira unali polishi wapansi, woyera unali laimu wotsala pomwe ankapaka ofesi. Nayitirojeni ndinamupaka buluu wochapira zovala. Ndinavutika ndi makona ake, kuyeza ndi pulotirakita, kuzula timitengo n'kubayanso, mpaka mitheni inaima yokha pa miyendo itatu. Nditaiona itaima ndinavina ndekha m'nyumbamo.

Tsiku loyamba kutiyanika panja ndinatiika pansi, kuseri kwa kanyumba kanga. Mbuzi zinapondapo, nkhuku zinajompha toyera poyesa chakudya. Ndinakonza towonongekato, n'kuyang'anayang'ana malo okwera. Thandala lija linali lopanda kanthu, chifukwa masiku amenewo nsomba sizinkaphedwa. M'mawa mwake, ndisanapite kusukulu, ndinatandika timipira tanga tonse pathandalapo, todetsedwa, tofiira, toyera, tili ndi timitengo tolotolo. Ukonde unali wopachikidwa pambali pomwepo. Amayi anali atapita kumjigo, ndiye panalibe womuuza.

Nditaweruka masana ndinapeza pabwalo pali anthu ambiri kuposa masiku onse, koma pali zii. Azimayi oyandikana nafe anaima patali, atagwira ana awo pamkono. Pathandala anali atavundikirapo chiguduli. Amayi anakhala pakhonde, ndipo nditawalonjera sanafunse za kusukulu monga ankachitira.

"Aphunzitsi, kaikeni kaye mabukuwo, mubwere kuno," anatero.

Achimwene awo anali pampando, alovi awo ataima kumbuyo. Anali bambo wamtali, wowonda, wa manja okhakhala ndi zingwe. Nthawi zonse tikakumana tinkangopatsana moni basi. Anatuma mlovi mmodzi kuti avundukule chiguduli chija, ndipo iye anachikoka ndi ndodo, osati ndi dzanja.

"Zinthu izi ndi za ndani?"

"Ndi zanga, bambo. Ndi zophunzitsira ana."

"Zophunzitsira ana zikufuna chiyani pa ukonde wanga?"

Ndinafotokoza za mbuzi ndi nkhuku. Iwo analoza mitheni imodzi ndi ndodo ija.

"Masiku onsewa ukonde wanga ukutuluka ndi ndere zokhazokha. Ndimadabwa kuti chalakwika n'chiyani. Lero ndapeza ichi. Chakuda chili pakatichi ndine. Zoyera zinayi izi ndi alovi anga anayi awa. Mwatibaya tonse ndi mitengo. Iyayi, mayi, ine si mwana."

Chiseko chinandifika pakhosi, koma nditayang'ana nkhope za anthu chinabwerera chokha. Ndinayang'ananso pathandala paja ndi maso awo. Tinthu toumbidwa mobisa, tobayidwa, takuda, tofiira ndi toyera, mitundu yomweyo ya mikanda ya asing'anga, titaikidwa m'mawa mwini wake kulibe, pambali pa ukonde wosapha nsomba. Bambo anga ondibereka ndi mkulu wa mpingo ku Balaka, koma tsiku lomwe anapeza dzira lobayidwa singano m'munda mwathu anaitana abambo mfumu kuti awaze madzi odalitsa, ndipo m'mawa mwake anakaonananso ndi munthu wina amene dzina lake silinkatchulidwa pakhomo. Akanakhala iwo pampando uja akananena zomwezo. Mantha anandigwira pamenepo, ndipo ine mantha akandigwira ndimapsa mtima.

"Bambo, nyanja yaphwa. Mwezi uno imaphwa chaka chilichonse. Dothi langa lalowapo bwanji?"

"Mwabwera dzana dzanali, lero mukundiphunzitsa nyanja ine?" Anatembenukira kwa Amayi. "Achemwali, munthu wanuyu mawa ndisamuone pabwalo pano. Ngati mukumufuna, mumufune nokha."

Amayi ankangoyang'ana pansi, akupotokola nsonga ya chitenje. Mawu a ahedi aja anandibwerera. Ndinadziwanso kuti nkhani yotere ikatuluka pabwalo, ngakhale patakhala nyumba ina, palibe angandipatse. Ndinaona chiwaya cha ku Balaka chili pamoto, ndi akabaza akundilandira kusiteshoni.

Ndiye ndinachita zomwe mphunzitsi amachita akapanikizika, ndinayamba kuphunzitsa. Ndinatola kamodzi kofiira ka miyendo iwiri yoyera, anthu n'kubwerera m'mbuyo. Ndinati aka ndi chifanizo cha madzi, madzi omwewa timamwawa, mukawagawa mpaka kufika pa kachidutswa kosagawikanso. Ndinati kali ndi mbali ziwiri zosiyana ngati batire ya tochi. Nditaona kuti palibe akumva, ndinakumbukira zomwe ndinakonza kuti ndikaonetse ana sabata yotsatira. Ndinalowa m'nyumba, n'kutenga chitini chomwe ndinachiboola pansi ndi msomali waung'ono, kapu ya madzi ndi chipeso changa cha pulasitiki. Ndinapachika chitinicho pa mtengo wa khonde, n'kuthiramo madzi, ndipo anayamba kutsika mowongoka, kamzere kowonda ngati ulusi. Ndinakhutiza chipeso m'tsitsi langa mwamphamvu, n'kuchiyandikiza. Kunja kunali kouma, ndiye zinatheka bwino kuposa momwe ndinkafunira. Kamzere ka madzi kanakhota poyera, n'kutsata chipeso.

Mayi wina anakuwa, n'kunyamula mwana wake kuthawa. Mlovi mmodzi anayamba kutchula dzina la Mulungu mobwerezabwereza. Achimwene aja anadzuka pampando.

"Mwaona nonse! Akukoka madzi ndi manja! Ndiye mukufunsa kuti nyanja ikuphwa bwanji?"

Ndinaima ndi chipeso m'manja. M'kalasi chionetsero chimenechi chimachititsa ana kundiwombera m'manja mpaka lero. Pakhonde paja chinangomaliza kundimangira mlandu.

Apa m'pamene Amayi anadzuka. Sanandiyang'ane. Anakhuthula madzi anga otsala m'chitini, n'kukatunga ena mumtsuko mwawo. Ndinawapatsira chipeso changa, iwo anapukusa mutu. Analowa m'nyumba mwawo n'kutseka chitseko, poti sakanavula mpango pamaso pa amuna. Tinamva kukhwekhwereza kwa chipeso m'tsitsi. Kenako anatuluka mofulumira, mpango uli pambali pang'ono, atagwira chipeso chawo chobiriwira chothyoka mano. Anachiyandikiza pa kamzere ka madzi. Madzi anakhota.

Anayang'ana chipesocho, n'kuyang'ana achimwene awo. "Ndiye kuti nanenso ndaphwetsa nawo nyanja, achimwene?"

Palibe anaseka. Ine mtima unatsikako, ndipo ndinapempha kuti tiyesenso ndi palafini wa m'nyali. Tinathira pang'ono m'chitini, mbale ili pansi kuti asatayike. Amayi analowanso m'nyumba, n'kutulukanso ndi chipeso. Palafini anatsika mowongoka, osachilabadira. Ndinati mwaona, palafini alibe mbali ziwiri zija, ndiye chipeso chilibe pomugwira, koma madzi ali nazo chifukwa ndi opindika.

"Chinawapinda n'chiyani?" anafunsa Amayi. Linali funso la mtsikana wa m'kalasi uja.

Ndinawaonetsa pamsana pa kampira kofiira, pomwe panalibe kamtengo. Ndinati apa pamakhala tinthu tina, timagulu tiwiri ta maelekitironi tomwe sitinagwirane ndi chilichonse. Timafuna malo, ndiye timakankhira miyendo iwiriyi mbali imodzi.

"Pamenepo palibe kanthu."

"Sindinatiumbe. Sitioneka."

"Inuyo munationapo?"

"Iyayi."

"Ahedi?"

"Palibe amene anationa ndi maso, Amayi."

"Nanga achimwene akamanena zinthu zosaoneka mukupseranji mtima?"

Ndinayankha kuti zangazi aliyense akhoza kuyesa yekha, ndi chipeso chake, ndi madzi ake, ndipo zimatuluka chimodzimodzi, monga anaonera iwo eni. Anangoti "Mm." Mpaka pano sindidziwa ngati kunali kuvomera.

Achimwene awo sanakhutire. Anati za chipeso ndi zina, iwo akunena za zomwe zili m'kati mwa timipirato. Munthu akaumba chithumwa amaikamo tsitsi, chikhadabo kapena ulusi wa ukonde wa munthu amene akumufuna. Ngati mulibe kanthu, nditiphwanye tonse, pamaso pa anthu, ndi dzanja langa.

Ndinayang'ana Amayi ndikuyembekeza kuti andikanira. Anandipatsira mwala womwe ankatsekerezera chitseko.

Ndinagwada pansi n'kuyamba. Sindibisa, zinandiwawa kwambiri, ndipo ndinali wokwiya. Ndinayamba ndi amoniya, wokhala ndi nayitirojeni wabuluu uja, kenako madzi, kenako kabonidayokisaidi wowongoka yemwe ndinamuumba kuti ana aone kusiyana kwake ndi madzi. Mitheni yomwe inandivinitsa ija ndinaimaliza pomaliza. Kampira kalikonse kakasweka, bambo aja ankafukula zidutswa ndi ndodo. M'kati munali dothi, kwina lisanaume n'komwe. Titatsala pang'ono kumaliza, anawerama n'kutola kaulusi kotuwa m'kachidutswa kakuda.

"Ichi n'chiyani?"

Anthu anayandikira. Ine sindinkadziwa kuti kanalowamo bwanji. Amayi anakalandira, n'kukapotokola ndi zala, n'kukanunkhiza.

"Muzu wa udzu wa kudambo. Kandani khoma la nyumba yanu, muupeza wodzaza dengu."

Bambo aja anaponya ndodo pansi. Sanapepese, komanso sanabwereze mawu oti ndichoke. Anati, "Pabwalo ndi panu, achemwali. Koma munthuyu ali pano, matemba a mu ukonde wanga musawayembekezere." Anatsetsereka kupita kwawo, alovi ali pambuyo, ndipo anthu ena anabalalika mmodzimmodzi. Amayi anatenga tsache, n'kusesa zidutswa zija, n'kukataya kudzala. Analowa m'nyumba osandiuza kanthu.

Ndinamva bwino lomwe zomwe zinanenedwa. Malonda a Amayi ankadalira ukonde umenewo, ndipo kanyumba kanga sikakanafanana ndi matemba a chaka chonse, osanenanso za ubale wa mimba imodzi. Ndinaona kuti ndi bwino ndichoke ndekha kusiyana n'kudikira kuti mayi wachikulire avutike kupeza mawu ondithamangitsira. Dzuwa lisanalowe ndinatsitsa sutikesi, n'kupindamo zovala. Satifiketi ndinaibwezera pansi pomwe inkagona kale. Ndinayesa kukonza mawu okawauza bambo anga, koma onse ankathera pa chinthu chimodzi, kuti mwana wawo wachotsedwa ntchito isanathe ngakhale temu, ndipo wachokera nkhani ya ufiti.

M'mawa mwake linali Loweruka. Ndinamva kugogoda, ndipo nditatsegula ndinapeza Amayi atasenza beseni. Analitula pakhomo panga. Munali dothi lamakande, lonyowa, longokumbidwa kumene, ndipo miyendo yawo inali matope mpaka m'mawondo. Anasuzumira m'nyumba n'kuona sutikesi.

"Mwapakiranji?"

"Ndimati ndisakuvutitseni, Amayi."

"Ndakuuzani kuti mwandivutitsa? Nyamulani beseni ili, tipite kukhonde lakumaso."

Khonde lakumaso linayang'ana kunjira yopita kudoko, yomwe aliyense wa m'deralo ankadutsa. Anayala mphasa, n'kukhala, n'kundilozera pambali pawo.

"Cholakwa chanu ndi chimodzi, Aphunzitsi, ndipo ndikuuzani kamodzi kokha. Thandala la mwini saikapo chinthu osapempha, ngakhale chikhale chipewa. Ukonde ndi moyo wa anthu. Komanso mumaumbira m'nyumba chitseko chotseka, ngati mukuphika nyama yakuba. Ziumbireni pano, aliyense aone. Ziumira pano pomwe, ine ndili pompano."

Ndinafunsa za achimwene awo. Anati aleke, mvula ikabwera nyanja idzadzaza, mtima wawo udzatsika. Sizinachitike msanga choncho. Mvula inabwera, nsomba zinayambanso kuphedwa, koma bambo aja anapitiriza kugulitsa kwa anthu ena mpaka chimanga chitacha. Nthawi yonseyo Amayi ankalawirira kudoko lina lakutali kukapikisana ndi ogula a njinga zamoto, n'kubwera atasenza dengu dzuwa lili pamutu. Sanandidandaulire ngakhale tsiku limodzi. Timipira tatsopanoto tinakafika m'kalasi, ndipo mtsikana wa funso uja atagwira madzi m'manja mwake n'kuwatembenuza, sanawajambulenso ngati ndodo. Ine ndinakhala m'kanyumbako mpaka pomwe anandisamutsira ku Machinga boma, kusukulu yomwe ili ndi bokosi la timipira ta pulasitiki. Bambo aja moni wanga anadzayambanso kuyankha, koma ndi mutu wokha.

Zonsezo zinali zisanachitike m'mawa wa Loweruka lija. Tinakhala pamphasa, ine ndikuumba, Amayi akubulungiza toyera m'zikhatho mwawo. Anthu odutsa ankachepetsa liwiro, ena ankapatuka n'kudutsa mbali ina ya njira. Amayi ankawalonjera mmodzimmodzi mokweza, mpaka munthu ayankhe. Dzuwa litakwera kunabwera wogula wina wa ku Liwonde, kasitomala wawo wakale, atamangirira madengu panjinga. Zikuoneka kuti nkhani anali ataimva kale kudoko. Anaima panjira osatsika, n'kuyang'ana timipira tomwe tinayala m'mphepete mwa khonde.

"Matemba alipo, amayi?"

"Alipo, otsala a mwezi watha. Tsikani muone."

Anayang'ananso timipira tija, n'kuyang'ana manja a Amayi odzaza dothi. "Ndidzabwera tsiku lina," anatero, n'kupalasa njinga kupitirira.

Misozi yomwe ndinaikaniza dzulo lake pamaso pa anthu inatuluka pamenepo. Ndinati, "Amayi, ndikukupherani malonda."

"Matemba ouma saola, adzagula ena," anatero, osadzutsa mutu. "Mwati kofiira kamakhala pakati? Tandipatsirani kamodzi, ndi timitengo tiwiri."

Ndinawapatsira. Anabaya kamtengo koyamba, n'kuyeza ndi diso pobaya kachiwiri, n'kundionetsa kuti ndione ngati kapindika mokwanira. Ndinawakonzera pang'ono. Titamaliza ndinasamba m'manja, n'kukatulutsa zovala m'sutikesi.